Maswitchi oyatsa ndi foni: nkhani yagona pa waya wa neutral

Switchi yamakono yomwe amalonda amaitchula kuti smart switch ndi chipangizo cholowa m'malo mwa switchi wamba ya pakhoma, kapena chobisidwa kuseri kwake, kuti magetsi a m'nyumba aziyatsidwa ndi kuzimitsidwa pa foni ya m'manja, pa nthawi yoikika, kapena ndi kabatani komatidwa paliponse. Pa makatoni ake amalembapo kuti n'chopanda mawaya, koma mawuwa amanena za njira yomwe lamulo loyatsa limadutsa basi. Babu limalandirabe mphamvu kudzera m'mawaya omwe ali kale m'khoma ndi kudenga, ndipo switchiyo payokha imafuna magetsi usana ndi usiku kuti izitha kumva lamulo likabwera.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amatayira ndalama. Munthu amagula maswitchi a nyumba yonse, mmisiri n'kutsegula bokosi la pakhoma n'kupeza kuti waya mmodzi wofunika, wotchedwa neutral, safikamo. Funso loyamba asanagule kalikonse liyenera kukhala lakuti: kodi m'bokosi la switchi muli mawaya ati?

Mmene chipangizochi chimagwirira ntchito

Switchi wamba ndi kamlatho chabe. Chala chikaidina, timazitsulo tiwiri timakhudzana ndipo magetsi amawoloka kupita ku babu. Yokha sidya mphamvu iliyonse.

M'switchi yamakono muli zinthu zitatu. Choyamba ndi kagawo kotsitsa mphamvu ya 230V, yomwe ndiyo ya m'nyumba za m'Malawi, kuti ikhale yochepa yoyenera tizipangizo ta m'kati. Chachiwiri ndi kakompyuta kakang'ono kokhala ndi wailesi yolandirira malamulo. Chachitatu ndi relay, yomwe ndi switchi yotsekedwa ndi kutsegulidwa ndi maginito m'malo mwa chala. Ndiyo imamveka kuti “thi” babu likamayaka. Maswitchi ochepetsa kapena kuwonjezera kuwala alibe relay, amagwiritsa ntchito tizipangizo todula mphamvu pang'onopang'ono.

Ganizo lolamula magetsi uli patali ndi lakale ndithu. Mu 1975 kampani ya Pico Electronics ya ku Glenrothes m'dziko la Scotland idapanga njira ya X10, yomwe inkatumiza malamulo kudzera m'mawaya a magetsi omwewo. Lero malamulo amayenda pa mafunde a wailesi. Njira yofala ndi Wi-Fi, pomwe switchi imalumikizana ndi router ya m'nyumba. Zigbee ndi Z-Wave zimafuna kabokosi kapakati kotchedwa hub, koma zimadya mphamvu yochepa ndipo zipangizo zake zimapatsirana uthenga kuchoka chipinda china kupita china. Mu October 2022 bungwe la Connectivity Standards Alliance lidatulutsa muyezo wa Matter, wofuna kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana.

Mawaya omwe ali kale m'nyumba

Kayalidwe ka mawaya m'Malawi kamatsata kwambiri ka ku Britain. Magetsi a mababu amachoka pa bolodi lalikulu, lomwe amisiri amangoti DB, kudzera pa breaker yaing'ono, kawirikawiri ya 6A, ndi pa mawaya opyapyala a 1.0 kapena 1.5 mm². Mawayawa ndi atatu. Live ndi waya wamoto, wobweretsa mphamvu. Neutral ndi wobwezera mphamvuyo komwe yachokera. Earth ndi wachitetezo, yemwe sanyamula magetsi pokhapokha pakachitika vuto.

M'nyumba zakale live ndi wofiira, neutral ndi wakuda, earth ndi wobiriwira kapena wobiriwira ndi chikasu. Dziko la Britain lidayamba kusintha mitunduyi mu 2004, ndipo m'kachitidwe katsopano live ndi wa bulawuni, neutral ndi wa buluu. M'nyumba yomwe idawonjezeredwa zipinda mitundu yonse iwiri imatha kupezeka pamodzi.

Kayalidwe kofala ndi kakuti live ndi neutral amayenda kudenga, kuchoka pa babu lina kupita pa linzake. Pa babu lililonse mawaya awiri amatsika kupita ku switchi: wina amatsitsa moto, wina amaubweza ku babu switchi ikadinidwa. Neutral amatsala kudenga chifukwa switchi wamba ilibe naye ntchito. Msampha uli pa mtundu wa waya wobwererayo. Pomwe adagwiritsa ntchito chingwe cha mawaya awiri ndi earth, waya wobwerera amakhala wakuda kapena wa buluu, wooneka ngati neutral, pomwe ndi wamoto. Mmisiri wosamala amamuveka kachizindikiro kofiira kapena ka bulawuni, koma ambiri amasiya osaika. Wolumikiza waya ameneyu pa bowo lolembedwa N sakhala atapatsa switchi neutral, ndipo chipangizocho chimakana kugwira ntchito kapena kuwonongeka.

M'nyumba zina neutral amadutsira m'bokosi la switchi. Zikatero amaoneka kumbuyo kwa bokosi, mawaya awiri kapena atatu akuda kapena a buluu atamangidwa pamodzi pa connector, osakhudza switchi. Ngakhale zili choncho, mtundu wa waya si umboni wokwanira. Umboni ndi chipangizo choyezera m'manja mwa mmisiri.

Njira zinayi zoikira

Njira yoyamba ndi switchi yofuna neutral. Imakhala ndi mabowo olembedwa L, N ndi L1, ndipo ya mabatani awiri kapena atatu imakhalanso ndi L2 ndi L3. Live amalowa pa L, neutral pa N, waya wopita ku babu pa L1. Iyi ndiyo yodalirika kuposa zonse chifukwa mphamvu yake sidutsa m'babu, kotero imayendetsa babu la LED ngakhale laling'ono kwambiri. Ngati neutral safika pa switchi koma mawaya adadutsa m'mapaipi a m'khoma, monga zimakhalira m'nyumba zambiri za njerwa, mmisiri amatha kukoka waya watsopano kuchokera pa babu lomwelo popanda kugumula pulasitala, bola paipi isakhale yophwanyika kapena yodzaza.

Njira yachiwiri ndi switchi yosafuna neutral. Imalowa pa mawaya awiri akale aja ndipo imadzidyetsa polola timagetsi tochepa kudutsa m'babu ngakhale babulo lili lozima. Mababu akale a ulusi sankasonyeza kanthu, koma a LED amafuna mphamvu yochepa kwambiri moti timagetsi timeneti timawachititsa kuphethira kapena kunyezimira mozirala usiku. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa capacitor, komwe opanga ambiri amaika m'katoni momwemo. Kamaikidwa pa babu, pakati pa waya wamoto wochokera ku switchi ndi neutral, osati pa switchi. Mtundu umenewu ulinso ndi malire a pansi: papepala lake pamalembedwa mawati ochepetsetsa omwe mababu ayenera kukhala nawo. Babu likapsa pomwe palibe capacitor, switchi nayo imasowa podyera ndipo imasowa pa foni.

Njira yachitatu ndi kabokosi ka relay, kakang'ono ngati bokosi la machesi, monga ka Shelly ka ku Bulgaria kapena Sonoff ka kampani ya ITEAD ya ku Shenzhen m'dziko la China. Kamabisidwa kuseri kwa switchi yakale kapena kudenga pafupi ndi babu. Ubwino wa kudenga ndi woti live ndi neutral alipo kale. Mawaya awiri otsikira ku switchi amasiya kunyamula mphamvu ya babu n'kukhala ongouza kabokosiko kuti wina wadina. Switchi yakale imatsala pakhoma ndipo alendo, ana ndi agogo amaigwiritsa ntchito monga mwa masiku onse. Chofunika kusamala n'chakuti pa timabokosi tina bowo la switchi limalandira live, pomwe pa tina mabowo a S1 ndi S2 sayenera kukhudzana ndi live n'komwe. Chithunzi cha kalumikizidwe chomwe chabwera ndi chipangizocho ndicho choyenera kutsata, osati cha chipangizo china chooneka chimodzimodzi. Kabokosi ka kudenga kayenera kukhala m'bokosi lotsekeka komanso pamalo ofikika, kutali ndi pomwe denga limadontha.

Njira yachinayi ndi kabatani kopandiratu waya. Kena kamayendera batire laling'ono, kena kamapanga mphamvu yake kuchokera ku kudina kwa chala. Kamamatidwa pakhoma, pambali pa bedi kapena pakhomo lolowera, n'kumalamula kabokosi kolandira komwe kali pa babu, kapena babu lamakono lokhala ndi wailesi m'kati. Mababu amakonowa safuna kugwira waya uliwonse, choncho ndi abwino kwa okhala m'nyumba za lendi. Vuto lake ndi loti munthu akazimitsa switchi ya pakhoma, babulo limasowa mphamvu ndipo foni siilipeza.

Babu la maswitchi awiri

M'makhonde aatali ndi pa masitepe babu limodzi limakhala ndi maswitchi awiri. Iliyonse ili ndi mabowo atatu, COM, L1 ndi L2, ndipo pakati pa maswitchiwo pamayenda mawaya awiri kapena atatu. Apa zilembo zimasocheretsa, chifukwa L1 ndi L2 pa switchi yotere ndi njira ziwiri za babu limodzi, pomwe pa switchi yamakono ndi mababu awiri osiyana. Kungosamutsa mawaya potengera zilembo kumasiya babu loyaka mbali imodzi yokha.

Njira yosavuta ndi kusiya maswitchi onse awiri momwe alili n'kuika kabokosi ka relay kumapeto, pa waya wopita ku babu, kuti kazisintha nthawi iliyonse wina akadina mbali iliyonse. Njira ina ndi kuika switchi yamakono mbali imodzi, mbali inayo n'kumatapo kabatani kopanda waya. Mawaya otsala opanda ntchito amatsekedwa bwino pa connector, aliyense payekha.

Ndondomeko ya mmisiri

Ntchito imayamba ndi kuzimitsa breaker ya mababuwo, kapena main switch ngati pa bolodi sadalembe kuti breaker iliyonse ndi ya kuti. Kuzimitsa switchi ya pakhoma sikukwanira chifukwa live amakhalabe wamoto m'bokosi ndi kudenga. Bolodi limatsekedwa kapena kuikidwa chizindikiro kuti wina asayatse. Kugwira ntchito podalira kuti ESCOM yathimitsa magetsi ndi kuseweretsa moyo, poti amabwera osagogoda. M'nyumba yokhala ndi inverter kapena jenereta, izonso zimazimitsidwa.

Kenako mmisiri amatsimikiza kuti mawaya afadi. Amayesa chipangizo chake choyezera pamalo odziwika kuti pali moto, n'kuyeza mawaya onse a m'bokosi, n'kuchiyesanso pamalo amoto paja. Tesita ya screwdriver ya kababu kofiira si yodalirika pa ntchito imeneyi, chifukwa kuwala kwake sikuoneka bwino masana ndipo imatha kuyaka pa waya wopanda mphamvu yeniyeni.

Asanamasule kanthu amajambula mawayawo pa foni ndi kuika chizindikiro pa aliyense. Akalumikiza, amaonetsetsa kuti palibe kopa woonekera kunja kwa bowo ndipo amakoka waya aliyense pang'ono kuti aone ngati wagwira. Waya wosamangika bwino amatentha, ndipo ndi chimodzi mwa zoyambitsa moto wa magetsi m'nyumba. Earth amalumikizidwa ku bokosi lachitsulo komanso ku chivundikiro ngati n'chachitsulo. Akayatsa breaker, amayamba wayesa switchi ndi chala, kenako n'kuilumikiza ku foni.

Poyeza, mmisiri amathanso kutulukira vuto lakale: switchi yoikidwa pa neutral m'malo mwa live. Babu limayaka ndi kuzima bwinobwino, koma choikamo babu chimakhala chamoto nthawi zonse, ndipo wosintha babu angathe kugwidwa nyesi. Vutoli limakonzedwa kaye chipangizo chatsopano chisanaikidwe.

Njira zachidule zomwe zimapha

Pali zinthu ziwiri zomwe amisiri osaphunzira amachita akasowa neutral. Choyamba ndi kugwiritsa ntchito earth m'malo mwake. Switchi imagwiradi ntchito, koma waya wachitetezo amakhala akunyamula magetsi nthawi zonse. Tsiku lomwe waya ameneyu adzaduke kapena kumasuka penapake, zitsulo zolumikizidwa kwa iye kuseri kwa podukapo zidzakhala zamoto.

Chachiwiri ndi kubwereka neutral pa soketi yapafupi kapena pa mzere wina wa mababu. Zikatero mizere iwiri imakhala yalukana, ndipo mmisiri wodzabwera m'tsogolo akazimitsa breaker imodzi n'kumasula neutral, adzagwidwa ndi magetsi ochokera ku breaker inayo. Pomwe mizereyo ili pa ma RCD osiyana, zipangizo zodula magetsi zikaona kuti mphamvu yokwana 30mA ikuthawira kwina, magetsi amangodukaduka. Neutral wa switchi ayenera kuchokera pa mzere womwewo womwe live wake wachokera. Lamuloli n'lofunika koposa m'nyumba momwe mababu ena ali pa inverter, ena pa ESCOM.

Cholakwika china ndi kusenzetsa switchi ya mababu katundu wolemera. Breaker ya 6A pa 230V imalola mawati 1,380, pomwe giza ya madzi otentha imadya pakati pa 2,000 ndi 3,000. Giza, pampu ya madzi ndi kuka zimafuna zipangizo zakezake. Ndi mababu a LED omwe, malire olembedwa pa switchi amakhala otsika kuposa a mababu akale, chifukwa LED imakoka mphamvu yambiri mwadzidzidzi pa kamphindi koyaka, zomwe zimatha kumatiza timazitsulo ta relay. Switchi yochepetsa kuwala imafuna mababu olembedwa kuti dimmable.

Zoyang'ana pogula

Chipangizo chiyenera kulembedwa kuti chimalandira 230V pa 50Hz. Zambiri zimalembedwa 100–240V ndipo n'zoyenera, koma zopangidwira msika wa ku United States zokha, za 120V, zimapsa. Magetsi a sola a 12V ochokera mwachindunji ku batire sayendetsa switchi ya 230V.

Maonekedwe a bokosi la m'khoma nawo ndi ofunika. Mabokosi a mtundu wa ku Britain ndi ofanana mbali zonse, ndipo chivundikiro chake ndi cha mamilimita 86. A ku South Africa ambiri ndi aatali mbali imodzi, otchedwa 4x2. Wotumiza katundu kuchokera ku Johannesburg ayenera kuyeza kaye bokosi la kunyumba. Kuzama kwake kumasiyananso: alipo a mamilimita 16, 25, 35 ndi 47. Maswitchi wamba ambiri adaikidwa pa osaya, pomwe amakono amafuna malo okwana pafupifupi 35. Kukanikiza mawaya m'bokosi lopanikiza kumasupula chikopa chawo.

Pafupifupi maswitchi onse a Wi-Fi amamva mafunde a 2.4GHz okha, osati a 5GHz, ndipo ichi ndi chifukwa chofala chomwe switchi yatsopano imakanira kulumikizana. Makoma a njerwa, konkire ndi mabokosi achitsulo amafooketsa mafunde, choncho ndi bwino kuimirira ndi foni pamalopo n'kuona mphamvu ya Wi-Fi. M'nyumba yodalira hotspot ya foni kapena MiFi yomwe mwini wake amapita nayo kuntchito, maswitchi amatsala opanda intaneti masana onse.

Magetsi kapena intaneti zikathima

Switchi yabwino imagwirabe ntchito ndi chala intaneti ikasowa. Chomwe chimatayika ndi kulamula uli patali. Mapulogalamu monga Smart Life ya kampani ya Tuya ndi eWeLink yoyendetsera zipangizo za Sonoff amadutsitsa malamulo ambiri pa makompyuta a kampaniyo kunja kwa dziko, ngakhale zipangizo zina zimalola foni kulamula mwachindunji ikakhala pa Wi-Fi imodzimodzi. Kudalira kampani kuli ndi chiopsezo chake: mu April 2022 kampani ya Insteon ya ku United States idatseka makompyuta ake mwadzidzidzi, ndipo ogula adakhala milungu ingapo pulogalamu ya pafoni isakugwira ntchito kufikira eni atsopano ataitsegulanso.

Pomwe magetsi amathimathima, pali chosankha chimodzi m'pulogalamu chosayenera kuiwalika: zomwe switchi izichita magetsi akabwerera. Itha kuyaka, kukhala yozima, kapena kubwerera momwe idalili. Mababu a panja amayenera kubwerera momwe adalili kapena kuyaka, a kuchipinda chogona akhale ozima kuti asadzutse anthu pakati pa usiku. Tizipangizo ta m'kati mwa switchi sitilimba pa mphamvu yokwera mwadzidzidzi, monga yobwera ndi mphezi m'nyengo ya dzinja, kotero chotetezera cha surge pa bolodi lalikulu chimathandiza. Ma inverter otchipa otulutsa mphamvu ya modified sine wave amatha kuchititsa maswitchi ena kulira, kutentha kapena kuzima okha.

Dzina lachinsinsi la Wi-Fi ndi la pulogalamu liyenera kukhala lovuta kuliganizira, chifukwa wolowa m'pulogalamuyo amaona nthawi yomwe mababu amayaka ndi kuzima, n'kudziwa ngati pakhomo pali anthu.

Kodi zimapulumutsa mayunitsi?

Switchi ya Wi-Fi imadya pafupifupi wati imodzi kapena kucheperapo, usana ndi usiku. Wati imodzi pa masiku 30 ndi mayunitsi 0.72, kutanthauza kuti maswitchi khumi angadye mayunitsi pafupifupi 7 pa mwezi. Babu la LED la mawati 9 loiwalika ola limodzi tsiku lililonse limawononga mayunitsi 0.27 okha pa mwezi, ochepa kuposa omwe switchiyo imadya. Koma getsi la panja la mawati 20 lotsala loyaka maola 12 a masana kwa mwezi wathunthu limatha mayunitsi 7.2.

Masamuwa akusonyeza kuti phindu lili pa magetsi a panja, a pageti ndi a m'khonde, omwe angathe kumayaka dzuwa likalowa ndi kuzima m'bandakucha ngakhale eni nyumba ali kumudzi. M'zipinda phindu lake ndi kupepukitsa moyo, makamaka kwa okalamba, odwala ndi aulumali omwe kufika pa switchi ya pakhoma n'kovuta.

Ndani ayenera kugwira ntchitoyi

Bungwe la MERA ndilo limapereka ziphaso kwa amisiri oika mawaya a magetsi m'Malawi, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuona chiphasocho ntchito isanayambe. Kumata kabatani ka batire kapena kusintha babu aliyense angathe, koma kutsegula bokosi la switchi, kukoka waya watsopano ndi kugwira bolodi lalikulu ndi ntchito ya mmisiri wovomerezeka. Wokhala m'nyumba ya lendi ayenera kupempha chilolezo kwa mwini nyumba ndi kusunga maswitchi akale kuti adzabwezerepo posamuka.

Dongosolo losawononga ndalama ndi kuitana mmisiri kuti atsegule mabokosi awiri kapena atatu, aone ngati neutral alimo, ayeze kuzama kwa bokosi ndi kuona ngati mapaipi angalole waya wina. Akatero, mwini nyumba agule chipangizo chimodzi chogwirizana ndi zomwe zapezeka, achiike pa magetsi a panja, n'kuchionerera kwa milungu ingapo, kuphatikizapo masiku omwe magetsi athima ndi kubwerera, asanagule za zipinda zina.